Zidole Zanga Zinalibe Ziwanda

Amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Ndipepeseretu, mawu anga akakwera musaganize kuti ndikukalipira inu nonse. Ndikukalipira ena okha. Anzanga amene amaima pano ambiri amabwera ndi misozi. Yanga inatha. Umene watsala ndi mkwiyo, ndipo sindichita nawo manyazi, chifukwa ndi umene Mulungu anandikokera nawo kunditulutsa m'dzenje.

Kwa amene simundidziwa, ndine Felesiya Kachingwe. Kwathu ndi ku Ndirande, kuno ku Glasgow ndimakhala ku Easterhouse. Amene mumandidziwa, mumandidziwa ndi dzina lina lija: "mayi wa zidole". Musazolike, ndinkalimva. Ena ankafika ponena kuti mfiti. Limenelonso ndinkalimva.

Kumudzi ndinali wa geni. Ndagulitsa kaunjika ku Limbe zaka zambiri, ndipo belo ikamasulidwa ndinkadziwa ndi dzanja lokha kuti ichi n'choyala pamwamba, ichi n'cha pamulu. Kuno ndinatsatira mwamuna wanga. Tinayambira ku Sighthill, m'zinyumba zitalizitali zija anagwetsa, ndipo mwana wathu Tamanda anabadwa tili kumeneko. Titasamukira ku Easterhouse, bambo ake anati akupita ku England kukafuna ntchito. Ntchitoyo inapezeka kuti imavala diresi. Ndinatsala ndi mwana, ndi ntchito yanga yosamalira okalamba.

Gogo wina wachizungu amene ndinkamusambitsa atamwalira, ana ake anabwera kudzachotsa katundu m'nyumba. Anandilozera katoni ili pakhomo. "Tengani ngati mukufuna, apo ayi ikupita kubini." Nditakaitsegula kunyumba ndinaseka ndekha. Munali tizidole tamaliseche tatsitsi loimirira, lina lobiriwira, lina lapinki. Munali galu wogwedeza mutu ngati akuvomera zonse zimene ukunena, ndi kapusi kachitini koti ukakapukusa kiyi kumsana kamaomba timbale. Munalinso chidole chachikazi chovala siketi yoluka, yotambalala ngati ambulera, ndipo ntchito yake, ndikhululukireni m'nyumba ya Mulungu, inali kuphimba pepala la kuchimbudzi.

Mnzanga wa kuntchito anati ndizijambule ndiziike pa intaneti. Sabata isanathe, mnyamata wandevu anakwera sitima kuchokera mbali ina ya tauni kudzatenga chidole cha kuchimbudzi chija, akunjenjemera ngati wapeza m'bale wake wotayika. Ndalama imene anandipatsa ndinkaipeza nditasambitsa anthu tsiku lathunthu. Ndinaphunzira kuti kuno kuli anthu amene amafunafuna zoseweretsa zakale, ndipo kwa iwo kunyansa kwa chinthu ndiye kukoma kwake.

Magazi a geni anadzuka. Ndinayamba kupita kumisika ya kabuti, ija anthu amatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kuyala katundu. Ndinkagula motchipa kwa osadziwa, n'kutsuka, kupesa tsitsi, kusoka timadiresi, n'kugulitsa kwa odziwa. Inali geni yoona, yopanda kubera munthu. Ndinafolera nyumba ya mayi anga ndi malata atsopano. Tamanda sanasowe nsapato za kusukulu. Nthawi imeneyo palibe anati mfiti. Amati, "Mayi Kachingwe, mutiphunzitseko."

Zinapendekeka pang'onopang'ono. Misika ya kabuti yambiri imachitika Lamulungu m'mawa, ndiye kutchalitchi ndinayamba kujomba. Kenako ndinapeza okushoni ya pafoni, ija umapikisana mtengo ndi munthu amene sukumuona, nthawi ikutha, mtima ukugunda. Amene munalawapo njuga mukudziwa chimene ndikunena. Nyengo yozizira ya kuno mukuidziwanso, dzuwa kulowa ana asanafike n'komwe kuchokera kusukulu. Tamanda anali atakula, akangofika n'kudzitsekera kuchipinda, zomvera nyimbo m'makutu. Nyumba zii. Munthu yekhayo amene ankagogoda pakhomo panga n'kutchula dzina langa anali wobweretsa maphukusi. Ndiye ndinkaonetsetsa kuti azigogoda tsiku lililonse.

Kugula kunapitirira, kugulitsa kunaima. Zifukwa ndinali nazo zambiri. Ichi ndisunge, mtengo ukwera. Ichi chasowa nsapato imodzi, ndidikire ndiipeze. Ichi n'chokongola kwambiri, wogulayo sachisamala. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pabalaza panadzaza, tinayamba kudyera chiimire kukhitchini. Chibeseni chosambiramo chinadzaza, tinayamba kusamba pasinki ndi kathaulo. M'kolido munatsala kanjira koti munthu adutse chammbali. Kenako ndinalowa kuchipinda kwa Tamanda. Ndinayamba ndi kunsi kwa bedi, ndikulonjeza kuti ndi za sabata imodzi. Kenako pamwamba pa wodilopu. Kenako pawindo, mpaka windolo linasiya kutseguka. Nyumba za kuno mukudziwa mmene zimachitira chinyezi. Kuseri kwa makatoni khoma linachita nguwi, bii, ndipo fumbi la zinthu zakale linali paliponse. Mwana wangayo ali ndi mphumu kuyambira ali wamng'ono. Ndinkadziwa. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Akadandaula ndinkamuyankha kuti, "Zimenezi ndi zimene zikukudyetsa."

Linali bodza. Zinali zitasiya kalekale kudyetsa munthu. Ifeyo ndi amene tinkazidyetsa.

Tsopano ndifike pa inu, abale anga. Mwana wa wina wa inu anadutsa panyumba panga, n'kuona pawindo la pabalaza nkhope za zidole zili ndandanda, maso ali tong'o. Anakanena kwawo. Nkhani inayenda m'mafoni ngati moto wa m'tchire. Akuti Mayi Kachingwe akuweta ndondocha. Akuti anakhwimira geni. Akuti n'chifukwa chake mwamuna anathawa. Kuno ku Glasgow! Anthu ophunzira, ena manesi, ena oyendetsa mabasi, anthu oti mumaona matenda a mitundumitundu tsiku ndi tsiku! Munali ndi nthawi yotumizirana mauthenga za ine, koma yokwera basi kudzandifunsa kuti, "Mayi, kodi chikuchitika n'chiyani?" inasowa. Mmodzi yekha ndiye ankabwera, Mayi Gondwe ali apowa, amene tinadziwana kuyambira ku Sighthill. Koma iwonso ndinkawalandirira pakhomo, chitseko nditachigwira ndi phazi.

Tsiku limene ndikufuna mulimve bwino linali la sukulu, m'mawa. Ndinali kukhitchini pamene ndinamva phokoso ngati wina akuimba mluzu ndi bango long'aluka. Ndinapeza Tamanda atakhala pakama atavala yunifolomu, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo itayamba kuda. Ankaloza patebulo. Kabotolo kake kopopera m'kamwa kankakhala pamenepo, koma dzulo lake ndinali nditasanjikapo makatoni atsopano. Ndinagwetsa, ndinafukula, ndinatulutsa timahatchi tapulasitiki, tizimbalangondo, koma kabotolo osaoneka. Ndinaimbira ambulansi.

Anabwera msanga, mwamuna ndi mkazi. Chitseko chinangotseguka theka chifukwa kuseri kwake kunali katundu. Mpando wawo wonyamulira odwala sunathe kulowa. Bamboyo, munthu wamkulu thupi, anausiya panja n'kuyamba kukwera pamwamba pa makatoni, akuponda paliponse. Anamunyamula Tamanda m'manja ngati khanda. Pobwerera katoni ina inaphwasuka pansi pa nsapato yake. Munali zidole zakale zija zoti ukazipendeketsa zimalira. China chinalira, "Maama," ndipo ndinamva mutu wake ukusweka, khwa.

Ndiye ine, mayi wobereka, mwana wanga akulephera kupuma m'manja mwa mlendo, ndinakuwa m'Chingerezi kuti, "Samalani! Musaponde pamenepo!"

Bamboyo anaima kanthawi kochepa n'kundiyang'ana. Bwenzi zili bwino akanandimenya khofi.

Anamutengera kuchipatala chachikulu chija cha ku Govan, ndipo madokotala anamuthandiza. Chakumasana mpweya unabwerera. Ndinakhala pambali pa bedi ndikumusisita dzanja, iye akuyang'ana kudenga. Tamanda mukumudziwa, ukamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi cha kuno chija chothamanga ngati akutsika phiri. Koma tsiku limenelo pafupi panali nesi akukonza mapaipi. Mwanayo anasuntha chophimba kukamwa chimene ankapumira mpweya n'kulankhula Chichewa chake chopindikapindika, kuti nesiyo asamve. Mwamva? Ali pabedi la chipatala chifukwa cha ine, ankandibisirabe manyazi.

Anati, "Amayi, ndinakumvani."

"Wamva chiyani, mwanawe? Usalankhule, puma."

"Munati samalani." Anapuma kaye. "Ndimayesa mukunena ine. Kenako ndinaona kumene mumayang'ana."

Anabwezera chophimba chija, n'kuchotsa dzanja lake m'dzanja langa. Sanalikoke mwaukali ayi. Anangolichotsa bwinobwino ngati mmene umachitira ndi munthu wosamudziwa pabasi.

A ambulansi anali atanena zimene anaona, ndipo anachita bwino. Kunabwera mayi wa ku khonsolo woona za ana. Anandiuza mosazungulira kuti mwana sabwerera m'nyumba imene ija mpaka itakhala malo oti munthu angapumemo, ndipo ndikalephera, nkhani ipita patali. Mayi Gondwe anati amutenga. Ndinabwerera ndekha ku Easterhouse, n'kukhala pansi m'kolido, pakati pa maso onse aja.

Mukuganiza kuti apa ndiye ndinatembenuka? Ayi. Apa ndi pamene panafika afisi.

Patapita masiku ochepa, amayi ena amene anali asanapondepo pakhomo panga anabwera ndi munthu wa suti yonyezimira. Ndi uja ankachititsa mapemphero m'holo yobwereka, wodzitcha mneneri. Dzina sinditchula, ena mwa inu munamuphikirapo. Anati amva za tsoka langa ndipo abwera kudzandimasula. Ine ndinali nditathedwa nzeru, ndinatsegula.

Mneneriyo analowa chammbali, n'kugwira pamphuno, n'kuyamba kubuula. Anati, "Mayi, m'nyumba muno muli khamu. Chidole chilichonse chili ndi mzimu wa mzungu wakufa amene ankachisewera. Ndi imene inamukanyanga mwana wanu pakhosi. Ndi imene inalankhula m'kamwa mwanu tsiku lija."

Abale anga, mawu amenewo anandikomera ngati madzi ozizira. Si ine ndinakuwa, ndi ziwanda! Mlandu wonse unatsika pamutu panga n'kukagwera pa pulasitiki. Ndinagwada ndikulira, ndikuti, "Ndithandizeni, bambo."

Anati zonse ziyenera kutenthedwa, koma malamulo a kuno salola moto pakati pa nyumba, ndiye iye ali ndi malo kunja kwa tauni. Galimoto ya katundu inali kale panja, mkazi wake ali pachiwongolero. Anati sangatenge zonse tsiku limodzi, ayamba ndi zimene zili ndi ziwanda zazikulu. Anatseka maso, n'kutambasula dzanja, n'kumayenda ngati akukokedwa. Ndipo taonani zodabwitsa: mzimu unkamutsogolera ku zidole zimene zinali zikadali m'timabokosi take ta kufakitale. Unamutsogolera ku zachitini zakale, ndi ku zadothi lowala zosang'aluka. Zothyoka miyendo, zometeka tsitsi, zonunkha chinyezi, zimenezo zinalibe chiwanda ngakhale chimodzi. Diso langa la geni linaona, koma ndinaliuza kuti likhale chete, ndi Satana akundiyesa. Amayi aja ankaimba makolasi, tikupatsirana makatoni mpaka kugalimoto. Ndinanyamula ndi manja angawa, ndikuthira mang'ombe.

Kodi ndinamasuka? Sabata yomweyo ndinapezeka ndili pa okushoni, chala chikudina. Wamaphukusi anagogodanso. Nditamuimbira mneneri ndikulira, anati chiwanda chabwerera ndi anzake, afunika kubweranso ndi galimoto.

Asanabwere, linafika Lamulungu. Ndinavala zopita kutchalitchi, koma miyendo inandikweza basi ina, yopita kumsika wa kabuti wa kutali, mbali ina ya tauni, kumene sindinkapitapita. Kunali kamvula kowaza, anthu ataphimba matebulo ndi mapepala apulasitiki. Ndinkayenda mutu uli pansi, maso pa katundu, monga mwa chizolowezi. Kenako ndinamva timbale tikulira, ngwe ngwe ngwe.

Patebulo lina kapusi kachitini kanali kakuomba m'manja, kamnyamata kachizungu ndi bambo ake akuseka. Tizinthu timeneti tilipo tambiri tofanana. Koma kameneka kanali ndi chipewa chosokedwa ndi ulusi wofiira, chifukwa tsiku limene ndinkakakonza wakuda unali utandithera. Ndinayang'ana pambali. Galu wanga wogwedeza mutu. Zidole zanga zovala siketi za chikhalidwe cha kuno, zili m'mabokosi ake. Zonse zili ndandanda, chilichonse atachimata kapepala ka mtengo. Ndinadzutsa mutu. Kuseri kwa tebulo kunali mayi wovala chijekete chachikulu ndi chipewa chofika m'maso, akuitanira malonda m'Chingerezi chaulemu. Anali mkazi wa mneneri.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinamva kutentha kukuyambira kumapazi. Ndinayandikira n'kunena m'Chichewa, mokweza, kuti, "Mwadzuka bwanji, mayi? Ziwanda zikuyenda malonda lero?"

Anadzidzimuka, khofi wake kutayikira pajekete. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Aa, Mayi Kachingwe. Musakweze mawu, chonde. Si mmene mukuganizira."

"Ndikuganiza bwanji? Paja munati mukukatentha. Phulusa lake ndi limeneli?"

"Abambo anazipempherera," anatero. "Anasala kudya, zonse zinayera. Ndiye anati kutentha kukhala kuwononga, bola zithandize ntchito ya Mulungu."

"Zinayera! Nanga bwanji sanazipempherere zili m'nyumba mwanga, ziyere zili zanga? Nanga kamwana aka mukufuna kukagulitsa kapusi, mwakauza kuti kakanyangidwa pakhosi?"

Ankangokoka pepala la pulasitiki kuti aphimbe katundu. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo lija ndi manja awiri. Ndinkafuna kuligubuduza, zonse zisweke, msika wonse udzaone. Koma nditagwira choncho, ndinayang'ana zidole zija pafupi, zili pamvula, kunja kwa nyumba yanga, zitamatidwa mitengo. Ndipo ndinaziona mmene ndinali ndisanazione kwa zaka. Zinali katundu. Pulasitiki, chitini, nsanza ndi utoto. Si ziwanda, si ana, si anzanga. Katundu, ngati malaya a m'belo ku Limbe, amene sindinalirepo ngakhale amodzi akagulidwa.

Ndiye ngati mulibe chiwanda, amene anakuwa m'mawa uja ndani? Ndinali ine. Amene anasanjika makatoni pa mankhwala a mwana ndani? Ine. Zinandipweteka kuposa kuberedwa. Koma ndikuuzeni, ululu umenewo unali ndi khomo lotulukira. Chiwanda ndikanadikira munthu wa suti kuti adzachichotse. Koma manja amene analowetsa katundu m'nyumba anali omwewa, ndipo akanathanso kumutulutsa.

Ndinasiya tebulo. Sindinatengepo kalikonse, ngakhale kapusi kaja. Ndinangomuuza kuti, "Mukawauze abambo asabwerenso ndi galimoto. Ndipo mitengo mwaikayi ndi yotsika, mukuba n'kumaluzanso."

Ndinapita molunjika kwa Mayi Gondwe. Anali atangofika kuchokera kutchalitchi, Tamanda ali kuchipinda. Ndinafotokoza zonse nditaimirira, ndikutchula mawu ena amene ndinalapa pambuyo pake. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anavula nsapato za kutchalitchi n'kuvala zogwirira ntchito.

Anati, "Amake Tamanda, mwakwiya?"

"Ndikhoza kupha munthu."

"Zabwino. Ndakhala ndikudikira kuti mukwiye. Koma mkwiyo umenewu musakauthere pa mbava zija, n'ngwamtengo wapatali. Tiyeni nawo kunyumba kwanu ukadali wotentha." Anatenga mpukutu wa matumba akuda a zinyalala. Tili pabasi anawonjeza kuti, "Inenso mundikhululukire. Ndinkaona phazi lanu kuseri kwa chitseko. Ndikanakankha."

Tinayambira kuchipinda kwa Tamanda. Sindikunamizani kuti zinali zophweka. Chidole chilichonse chinali ndi loya wake m'mutu mwanga. Ndikati, "Ichi chokha chitsale," Mayi Gondwe ankangofunsa kuti, "Chigona pati? Pamene pagone mwana?" Tsiku limenelo tinangokwanitsa kufika pawindo. Titalitsegula, mphepo yozizira inalowa, ine n'kukhala pansi kulira ngati pamaliro.

Mkwiyo umayambitsa ntchito, koma wokha sumaliza. Mawa lake Mayi Gondwe anandiperekeza kwa dokotala. Ndinkaopa kuti andiseka. Sanaseke. Anati vuto losatha kutaya zinthu ndi matenda odziwika, amagwira anthu a mitundu yonse, ndipo kawirikawiri amamera pamene pali chisoni ndi kusungulumwa. Ananditumiza kwa mlangizi, komanso ku kagulu ka anthu a vuto lomweli. Kumeneko ndinapeza bambo wina wa konkuno amene nyumba yake inadzaza ndi nyuzipepala, ndi mayi wina wa makapu. Palibe anawauza kuti ndi afiti. Ndinakhala pakati pawo ndikuganiza kuti, kodi ife tinalakwa chiyani kuti matenda athu onse azikhala ufiti?

Khadi la kubanki ndinalipereka kwa Mayi Gondwe kwa kanthawi, iwo n'kumandipatsa ya basi ndi ya chakudya ngati mwana wa sukulu. Zinandichotsa ulemu, koma ulemu ndinali nditautayira kale m'kolido muja. Za okushoni zonse ndinazichotsa pafoni. Katundu wabwino wotsala ndinamugulitsa pamodzi kwa munthu wa shopu, pa mtengo woti kale ndikanamutukwana nawo. Wina tinapereka kumashopu othandiza ovutika. Wambiri anali atavunda, anapita kubini. Makoma tinawatsuka ndi mankhwala mpaka manja kusupuka. Ndinagwapo kamodzi: ndinagula katoni panjira n'kukaibisa kuseri kwa hita yotenthetsera m'nyumba. Inakhala masiku awiri, kenako ndinaimbira Mayi Gondwe foni ndekha n'kuulula. Kugwa kumeneko sikunandiphe. Chikanandipha n'kubisa.

Za mneneri ndinakauza akuluakulu a mpingo wathu. Ena anati ndipite kupolisi. Ndikanakanena chiyani? Kuti ndinamupatsa ndekha tikuimba nyimbo? Nkhani itamveka, anasamukira tauni ina. Katundu wanga sanabwere, ndipo sindimufuna. Chimene chimandiwawa n'chakuti pamene tikulankhula pano, ali m'nyumba ya mayi wina wosweka mtima, maso atatseka, dzanja likulunjika pa chinthu chodula. Ndipo amayi amene anamubweretsa kwanga, mpaka lero mmodzi yekha ndiye anabwera kudzapepesa. Enanu ndikukudikirani. Khomo langa tsopano limatseguka lonse.

Geni sindinasiye, chifukwa ndi luso langa ndipo linalibe tchimo. Ndili ndi tebulo Loweruka pamsika wina, ndi kabati imodzi yokhoma komweko. Zimene sizikwana m'kabatimo sindigula. Chidole sichigona m'nyumba mwanga, ngakhale chimodzi, ngakhale usiku umodzi.

Tsono ndisanakhale pansi, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya zidole. Ndikudziwa kuti muno muli wina amene chipinda chake chadzaza ndi makatoni "opita kumudzi", ndipo makatoniwo aona nyengo zozizira zambiri osanyamuka. Muli wina wa nsapato, wina wa zitenje zimene sanazifunyulule. Muli bambo amene foni yake imadya malipiro ake pa mpira asanafike kunyumba. Muli wina amene ana ake saitana anzawo chifukwa cha manyazi. Simunalodzedwe. Mukudwala, ndipo thandizo lilipo, laulere, masana dzuwa likuswa mtengo. Pempherani ndithu, inenso ndimapemphera. Koma munthu akabwera kudzakupemphererani ali ndi galimoto ya katundu panja, mutsekereni chitseko. Ndipo enanu amene muli bwino, mnzanu akamakulandirirani pakhomo osakulowetsani, musathamangire kufoni. Funsani. Akakana, bweraninso mawa.

Mayi wa ku khonsolo anabwera kangapo kudzaona nyumba asanavomere. Tamanda anabwerera patapita miyezi. Musaganize kuti anandikumbatira. Analowa, n'kuyendera chipinda chilichonse, n'kusuzumira kunsi kwa bedi, n'kutsegula wodilopu. Kenako anaika kabotolo kake patebulo n'kunena kuti, "Apa pasabwere kanthu." Ndinati, "Ndamva."

Kuyambira pamenepo anali ndi chizolowezi chimene sananene, koma ine ndinachiona. Ndikamalowa m'nyumba, kaya kuchokera kuntchito kaya kumsika, maso ake ankayamba athamangira m'manja mwanga kuona chimene ndanyamula, kenako ndiye nkhope. Tsiku lililonse. Zinkandibaya, koma sindinadandaule. Ndine ndinamuphunzitsa.

Lachinayi lapitali ndinaweruka nditatopa, mvula itandinyowetsa. Ndinadzera kushopu, n'kufika ndi chithumba chachikulu chotupa, choti mukanatha kulowa chilichonse. Tamanda anali pabalaza, mabuku atayala patebulo. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso.

Anati, "Mwanyowa, amayi. Ndikuikireni tiyi?"

Anadzuka n'kupita kukhitchini. Thumba lija sanaliyang'ane n'komwe. Ndinaima pakhomo pomwepo madzi akuchucha, nditagwira anyezi ndi mbatata, ndikumvetsera ketulo ikuyamba kulira.

Zikomo. Ndathokoza.